Kugawana Ntchito Polemba Mapulogalamu a Kompyuta

Lero tikambirana za m'mene anthu amayendetsera ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta.

Mukayenda mumsewu wa Mungwi, ku Heavy Industrial Area mu Lusaka, mudzaona mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu. Tiyerekeze kuti kumeneko kuli chigayo chachikulu, ndipo mwini wake akufuna pulogalamu yowerengera matumba a ufa ndi malole onyamula. Pulogalamuyo ikalakwitsa, lole idzachoka ndi matumba osalembedwa, ndalama n'kutayika. Kodi ntchito yotere amaiyamba bwanji?

Kale pulogalamu inkalembedwa ngati mndandanda wautali wa malamulo. M'chaka cha 1967, ku Norway, Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard anatulutsa chinenero cha kompyuta chotchedwa Simula 67, chimene chinadza ndi njira ina. Pa Chingerezi njirayi amati object-oriented. Chinthu chilichonse chimakhala ndi kagawo kakekake, kosunga mbiri yake ndi zochita zake. Kagawo ka thumba kamadziwa kulemera ndi mtengo. Kagawo ka lole kamadziwa katundu amene loleyo ingasenze. Ka lole kakafuna kudziwa kulemera kwa thumba kamafunsa, koma sikaloledwa kusintha nambalayo.

Tsono udindo wa woyang'anira ndi uwu. Poyamba agwirizane ndi anzake za timagawo tofunika ndi mafunso amene tidzafunsana. Kenaka apatse aliyense kagawo kake. Kagawo kalikonse kayesedwe pakokha kasanalumikizidwe ndi tinzake, ndipo mwini chigayo azionetsedwa ntchitoyo kawirikawiri, kuti cholakwa chigwidwe chikali chaching'ono.

Nanga ntchito ikachedwa? Fred Brooks, amene anatsogolera ntchito yaikulu ku IBM, anachenjeza m'buku lake la 1975 kuti kuwonjezera anthu pa ntchito yochedwa kumaichedwetsa koposa. Atsopano amafunika kuphunzitsidwa, ndiponso zokambirana zimachuluka. Anthu 5 akamakambirana awiriawiri, mapeya amakhala 10; anthu 10, mapeya amafika 45. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona, komatu osenzawo ayenera kumvana.

Aphunzitsi, gawani ana m'magulu atatu: thumba, lole ndi wogula. Gulu lililonse lilembe zimene likudziwa ndi zimene lingachite, kenaka magulu afunsane popanda kusuzumira pepala la anzawo. Ana inu, werengani mapeya a anthu 6, ndipo mupereke yankho kwa aphunzitsi anu.

Tsalani bwino.