Kachilombo Kokhala ndi Magiya M'miyendo

 Mfumu Solomo inatuma waulesi kwa nyerere kuti akatengeko nzeru; ine lero, mwa ulemu wonse, ndifuna kutuma amakaniko athu kwa kachilombo kena ka ku Ulaya, kamene akatswiri amakatcha Issus coleoptratus, kokhala m'minda ya maluwa pa chomera choyanga chotchedwa ivy, nikayamwa madzi a m'masamba ake.

Koma tiyambe taima pang'ono pa galaja. Aliyense amene anaphwasulapo injini ya galimoto adziwa kuti crankshaft imazungulira kawiri pamene camshaft yazungulira kamodzi, ndi kuti ziwirizi ziyenera kumvana kotheratu, kuti mavalavu atseguke ndi kutsekeka pa nthawi yake yoikika. N'chifukwa chake mmisiri wosamala amayamba wakweza pistoni yoyamba kufika pamwamba penipeni, nayang'anitsitsa ngati zizindikiro za pa magiya zalunjikana, asanamange lamba; pakuti akaphonya ndi dzino limodzi lokha injini imafooka, ndipo m'mainjini ena, kuphonyako kukakula, pistoni imawomba valavu. Ofuna liwiro amagula giya yosinthika, yolembedwa madigiri m'mphepete, namasula mabawuti ake kuti aipititse patsogolo kapena kuibweza pang'ono, akumbukira kuti digiri imodzi pa camshaft ndi madigiri awiri pa crankshaft. Anthufe tinkayesa kuti luso limeneli ndi lathu lokha.

Tsono tamvani za kachilomboka. Chiwala chili ndi miyendo yake yodumphira m'mbali mwa thupi, uwu kuno uwo uko, kotero kuti ngakhale mwendo umodzi utathothoka chimadumphabe, monga adziwira ana onse ogwira ziwala. Issus sali chotero ayi. Miyendo yake iwiri yakumbuyo ili kunsi kwa thupi, ndipo imakankha moyang'anana, mwakuti umodzi ukatsogolako pang'ono pokha, kanyamako sikalunjika kumene kafuna, koma kamangozungulira m'malere, mbalame imene ikukasaka nipeza chakudya. Kukankha konseko kumatha m'timagawo tiwiri ta sekondi yogawidwa ka 1,000, ndipo uthenga woyenda m'mitsempha ndi wochedwa koposa kuti ungalamulire miyendo iwiri inyamukire pamodzi m'kanthawi kotere.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. M'chaka cha 1957 katswiri wina wa ku Germany, K. Sander, anaona timano pamiyendo ya ana a tizilombo ta mtundu umenewu; koma kunali m'chaka cha 2013 pamene Malcolm Burrows ndi Gregory Sutton, a ku yunivesite ya Cambridge, atajambula tiana ta Issus ndi makamera othamanga kwambiri, anaonetsa poyera m'magazini ya Science kuti timanoto ndi magiya enieni ogwira ntchito. Pamwamba pa mwendo uliwonse wakumbuyo, pafupi ndi pamene walumikizana ndi thupi, pali kamzere kokhota kosakwana theka la milimita, kokhala ndi mano 10 kufikira 12, ndipo kachilomboka kakamakonzeka kudumpha, mano a kumanja amalowa pakati pa mano a kumanzere, kotero kuti mwendo wina sungathe kusuntha osakoka unzake. Kusiyana kwa miyendo iwiriyo ponyamuka ndi magawo ngati 30 okha a sekondi yogawidwa ka 1,000,000, ndipo kamwanako kamauluka mamita oposa atatu pa sekondi. Chimene chimandigometsa ine koposa ndi ichi, chakuti tsinde la dzino lililonse ndi lokhota bwino, losakhala ndi ngodya yakuthwa, monga momwe amisiri amasulira magiya a galimoto kuti dzino lisathyoke msanga. Kokha kuti mano a kachilomboka ndi opendekera mbali imodzi, popeza mphamvu yake ifunika podumpha pokha.

Ndipo taonani chodabwitsa china: magiyawa ndi a ubwana wokha. Kamwana ka Issus kamafundula khungu kangapo pamene kakukula, ndipo pa kufundula kulikonse kamalandira mano atsopano. Koma pa kufundula kotsiriza, pamene kasanduka kachikulire ka mapiko, manowo amachokeratu, miyendo nigwirizana mwa kukhudzana ndi kukhuzana basi. Akatswiri awiri aja anaganiza kuti chifukwa chake n'chakuti wamkulu safundulanso, ndipo dzino litathyoka akanakhala wopunduka kufikira imfa, pamene kamwana kangodikira khungu lina. Ngakhale zili choncho, Issus wamkulu, wopanda giya ndi imodzi yomwe, amadumpha mwa liwiro loposa la ana ake, kupitirira mamita asanu pa sekondi.