Chitsulo cha ku Kangankunde ndi waya wosatentha

Mwandipatsa mphindi khumi, ndiye ndingolowa m'nkhani.

Tagwirani chaja ya foni ikakhala pamagetsi kwa ola limodzi. Imatentha, eti? Kutenthako ndi magetsi amene mwalipira koma sanafike m'batire. N'chimodzimodzi mawaya a ESCOM kuchokera ku Nkula ndi ku Tedzani mpaka kuno ku Nkopola: waya amalimbana ndi magetsi, ena n'kutayikira m'njira.

Mu 1911, Heike Kamerlingh Onnes wa ku Leiden, m'dziko la Netherlands, anapeza kuti mercury akaziziritsidwa kufika madigiri 269 pansi pa ziro, kulimbanako kumatheratu. Magetsi amangodutsa osatayika ngakhale pang'ono. Chinthu chotere amachitcha superconductor. Vuto ndi kuzizirako, kumadya ndalama zosasimbika. Ndiye kwa zaka zoposa 100 asayansi akhala akusakasaka chinthu chochita zomwezi pa kutentha wamba.

Maso awo anagwera pa hayidirojeni, atomu yopepuka kuposa zonse. Chopepuka chimanjenjemera mwachangu, ndipo kunjenjemerako ndi kumene kumathandiza maelekitironi kuyenda awiriawiri osapunthwa. Neil Ashcroft ananena mu 1968 kuti mpweya umenewu mutaufinya mpaka usanduke chitsulo, ukhoza kukhala superconductor wosafuna kuzizira kwambiri. Koma kufinya hayidirojeni yekha kunakanika. Mu 2004 anabweranso ndi nzeru ina: musakanizeni ndi maatomu ena olemererapo, amenewo athandize kumupanikiza.

Kufinya kwake kotani? Osodza ndi odziwa kumira ndi mboni: ukalowa pansi pamadzi makutu amawawa. Mamita 10 alionse amawonjezera kulemera kofanana ndi kwa mpweya wonse umene uli pamwamba pathupa. Kuno kumwera nyanja si yakuya kwenikweni, koma kumpoto imafika mamita pafupifupi 700, ndiye pansi pake kulemerako n'kuchulukitsa ka 70. Anzathuwa amafinya kuchulukitsa ka 1.7 miliyoni. Kuti nyanja ifike pamenepo iyenera kuya makilomita 17,000, pomwe dziko lenilenili mukaliboola mbali ino kukatulukira mbali inayo ndi makilomita 12,700 okha.

Amachita zimenezi ndi kachipangizo kokwana m'manja: timiyala tiwiri ta dayamondi tosongoka, toyang'anizana, pakati n'kuikapo kachidutswa kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Amamanga masikuluu pang'onopang'ono, kenako n'kuwotcha kachidutswako ndi laser kuti zinthu zigwirane. Nthawi zambiri dayamondi amasweka, ntchito ya masabata n'kuyambanso.

Mu 2015 gulu la Mikhail Eremets ku Mainz, m'dziko la Germany, linafinya hydrogen sulphide, mpweya wonunkha ngati dzira lovunda uja. Mwa njira, umapezekanso m'madzi akuya a nyanja yathuyi, kumene kulibe okosijeni ndipo nsomba sizikhalako. Utafinyidwa unasanduka superconductor pa madigiri 70 pansi pa ziro. Mu 2019 gulu lomwelo, komanso la Russell Hemley ku America, linalengeza za chitsulo chotchedwa lanthanum chosakaniza ndi hayidirojeni. Ku Mainz anayeza madigiri 23 pansi pa ziro. Firiza yosungiramo chambo imafika cha m'ma 18. Mwaona kuyandikira kwake?

Apa ndi pamene pandikomera ine. Kusukulu tinaloweza kuti atomu iliyonse ili ndi manja owerengeka ogwirira zinzake. Lanthanum pa mpweya wamba amagwira mahayidirojeni awiri kapena atatu, basi. Akafinyidwa amagwira khumi, n'chifukwa chake amalemba LaH10. Mahayidirojeniwo amalukana ngati mono, maatomu 32 kuzungulira atomu imodzi ya lanthanum, makoma ake n'kumagawana ndi mono woyandikana nawo. Malamulo a m'buku lathu la Chemistry si abodza ayi, koma ndi malamulo a pamtunda pano. Chinanso, makompyuta a ku China ndi ku America anali atawerengeratu mu 2017 kuti chinthu chimenechi chilipo, munthu asanachipange.

Nanga lanthanum amachokera kuti? Kwerani minibasi ya ku Liwonde, mupitirire ku Balaka. Phiri la Kangankunde lili ndi mwala wotchedwa monazite, momwe muli cerium, lanthanum, neodymium ndi praseodymium. Kampani ya ku Australia ya Lindian Resources ndi imene ili pamgodiwo. Ku Songwe, m'boma la Phalombe, kulinso zitsulo za banja lomweli.

Komatu tisathamange magazi. Ogula akulimbirana neodymium ndi praseodymium, zopangira maginito a galimoto zamagetsi. Lanthanum ndi wotchipa pamsika, ndipo amene amalowa pakati pa madayamondi aja ngwosakwana ngakhale kambewu ka mchenga. LaH10 mukangomasula masikuluu amaphwasuka, hayidirojeni n'kuthawa. Palibe waya ngakhale wa sentimita imodzi umene wapangidwa. Wina akakutumizirani uthenga pa WhatsApp woti miyala ya ku Balaka ithetsa kuzimazima kwa magetsi chaka chamawa, musautumize kwa ena.

Ngakhale akuluakulu amapusitsika. Gulu lina la ku yunivesite ya Rochester ku America linalengeza mu 2020, kenakonso mu 2023, kuti lapeza superconductor wa pa kutentha wamba. Magazini ya Nature inasindikiza nkhani zonse ziwiri, ndipo zonse ziwiri inadzazichotsa, anthu atakayikira manambala ake. Za LaH10 zaima chifukwa magulu osiyana anayesa paokha n'kupeza zofanana.

Chimene chatsala ndi ichi: kupeza chosakaniza, mwina cha zitsulo ziwiri ndi hayidirojeni, chimene mono wake sungaphwasuke dayamondi akachotsedwa. Gawo lalikulu la kusakako likuchitikira pa kompyuta, ndi masamu ndi Chemistry. Inu a fomu 3 ndi fomu 4, mukafika kunyumba tsegulani periodic table, mupeze nambala 57 ndi nambala 58. Sabata yamawa mudzandiuze mayina ake, ndi maelekitironi amene chilichonse chimataya chikagwirana ndi okosijeni.