Phunziro Lochokera kwa Opichira Ndudu Pamanja



Ambirife tinaphunzira ndi ndalama za fodya, kotero mundilole ndikambe za fodya. Sindikuti muyambe kusuta ai, pakuti fodya amaononga mapapo.

Mumzinda wa Estelí, m'dziko la Nicaragua, muli mafakitale opanga ndudu zikuluzikulu zamtengo wapatali zotchedwa cigar. Nduduzi zilibe pepala. Ndi masamba okhaokha a mitundu itatu: am'kati, omangira ndi okutira kunja. Anthu amazipichira pamanja, awiriawiri. Woyamba amapinda masamba am'kati mosiya njira yodutsa mpweya, nawamanga ndi tsamba lomangira, kenaka amaika m'chikombole ndi kupanikiza. Wachiwiri, amene kawirikawiri amakhala mayi, amadula tsamba losalala ndi kampeni kokhota, nakuta nduduyo, nkumata kumutu ndi ulimbo wochokera ku zomera. Woyang'anira amayesa kulemera ndi kadutsidwe ka mpweya. Woyamba akathinitsa kwambiri, nduduyo imakanidwa ngakhale wachiwiri ataikongoletsa chotani. Onse awiri agwira ntchito yachabe.

Zimenezi ine ndinaziona kwathu ku Migowi. Boma litalola alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa bale mu 1990, bambo anga analowa kalabu. M'chaka cha 1995, ndili Fomu 1, anandipatsa ntchito yosankha masamba patchuthi. Pofulumirira mpira, ndinasakaniza masamba am'munsi ndi apamwamba. Iwo anadinda osadziwa. Mabelo awiri anabwezedwa ku okushoni ku Limbe, ndipo ndinakhala kunyumba masabata atatu wopanda fizi. Bambo sanandimenye. Anangoti, "Ine ndimadinda zimene iwe wandipatsa."

Anzanga, thumba lathu lothandiza ana osowa fizi ndi ntchito ya awiriawiri. Ife ndife oyamba, msungichuma ndiye wachiwiri. Iye sangakute chimene ife sitinamange. Chaka chatha tinalonjeza mokweza, manja m'mwamba, koma enafe mpaka lero sitinapereke. Pakadali pano kuli ana ku Chiringa, ku Nambazo ndi ku Mpasa amene anasankhidwa koma akupalira kumunda pamene anzao ali m'kalasi. Masabata atatu aja ndimawakumbukirabe. Ena a iwo akhoza kukhala moyo wao wonse.

Msungichuma wakhala pakhomo apo ndi buku la malisiti. Tisatuluke momulambalala.