Makina Akale Oyendera Nthunzi: Kuwazindikira ndi Kuwadzutsa

Nkhani ya sabata ino ikukamba za makina akale oyendera nthunzi, amene ankagwira ntchito zolemetsa mafuta a dizilo asanafale. Ikupita kwa omvera onse, makamaka a kwa Mfumu Likoswe m'boma la Chiradzulu ndi madera ena oyandikana ndi minda ikuluikulu ya atsamunda, kumene chitsulo chakale chikhoza kupezeka chitagona pa tchire. Masiku ano ogula zitsulo zakutha akuyenda mudzi ndi mudzi ndi sikelo, ndipo chimene chaphwanyidwa ndi kusungunulidwa sichibweranso.

Kagwiridwe ntchito ka makinawa nkosavuta kumva. Moto wa nkhuni kapena malasha umawiritsa madzi m'thanki yotsekeka, yotchedwa boyila. Nthunzi, posowa potulukira, imakankha pisitoni, ndipo pisitoniyo imazunguza gudumu.

Wofuna kuzindikira makina ayambe wayang'ana maonekedwe. Ngati ali ndi magudumu anayi ndi gudumu lina pamwamba lokolekapo lamba, koma alibe chiwongolero, amenewo ankachita kukokedwa ndi ng'ombe kupita pomwe pali ntchito, monga yocheka matabwa kapena yogaya. Ngati ali ndi chiwongolero, ndipo magudumu akumbuyo ndi aakulu, okhala ndi mizera yachitsulo yogwira nthaka, ankayenda okha nakoka ngolo. A magudumu osalala anali otsendera misewu, pamene okhala ndi malo a katundu kumbuyo anali malole a nthunzi.

Kenaka afunefune kachikwangwani ka mkuwa kolembedwa dzina la kampani ndi nambala ya makinawo. Maina odziwika ndi monga Fowler wa ku Leeds, Marshall wa ku Gainsborough, Burrell wa ku Thetford ndi Foden wa ku Sandbach. Makina a Aveling & Porter amadziwika ndi chithunzi cha hatchi yoimirira ndi miyendo yakumbuyo. Nambala ija ndiyo mfungulo, pakuti mabuku a ena mwa makampaniwa adasungidwa. A Fowler, mwachitsanzo, ali ku Museum of English Rural Life mumzinda wa Reading, ndipo mabuku otere amathandiza kudziwa chaka chimene makina adapangidwa. Wochotsa kachikwangwaniko kuti agulitse mkuwa walanda makinawo dzina ndi mbiri yomwe.

Kufunika kwa nambala kudaoneka pa sitima ya pamadzi ya Chauncy Maples, imene kampani ya Alley & McLellan idapanga ku Glasgow. Sitimayi idabwera m'zidutswa zikwizikwi, chilichonse ndi nambala yake, koma nambalazo zidakwiririka pamene zitsulo zinkakutidwa kuti zisachite dzimbiri. Amisiri adavutika kwa zaka ziwiri kuilumikiza, ndipo idalowa m'madzi mu 1901. Boyila yake, yolemera matani 11, idaikidwa pa ngolo ya magudumu a makina a nthunzi, ndipo Angoni 450 adaikoka ndi manja polambalala mathithi a Shire. Kampani yomweyi ndiyo pambuyo pake idayamba kupanga malole a nthunzi otchedwa Sentinel. Chotero mbiri ya zitsulozi si ya Azungu okha ayi. Ndi ya makolo amene adazikoka, kuzitemera nkhuni ndi kuzisonkhezera moto.

Kudzutsa makina otere kumafuna mtima wodekha, paja kuona maso a nkhono nkudekha. Ntchito yoyamba ndi kuwajambula mbali zonse, kulambula tchire, kukweza magudumu kuti asakhudze dothi, ndi kuvundikira chumuni kuti mvula isalowe. Chitsulo chilichonse chomasulidwa chilembedwe nambala. Dzimbiri lipalidwe mosamala, ndipo pomwe pagwirana pathiridwe oyilo kwa masiku angapo m'malo momenyapo ndi nyundo. Zoyera ngati thonje zimene zimakuta maboyila ena zisakhudzidwe, chifukwa kawirikawiri zimakhala asbestos, amene fumbi lake limawononga mapapo.

Choopsa koposa ndi boyila. Kunja ikhoza kuoneka yamphamvu pamene dzimbiri laidya m'kati, ndipo ikaphulika imapha anthu. Munthu asayerekeze kusonkhapo moto katswiri asanaiyese. Katswiriyo amayeza kuchindikala kwa chitsulo, amaona mapaipi, kenaka amadzaza madzi ozizira ndi kuwapopa mwamphamvu kuposa mmene nthunzi ingakankhire. Ngati pali pofooka, madzi amangodontha popanda ngozi. Makina amene alephera mayeso amenewa akhoza kupakidwa utoto ndi kuikidwa pansi pa denga kuti ana asukulu aziphunzirirapo.

A kwa Likoswe sasowa ulendo wautali kuti aone zitsanzo. Njanji idafika ku Blantyre mu 1908, ndipo imodzi mwa injini zake zoyamba, yotchedwa Thistle, yopangidwa ndi kampani ya Bagnall ya ku Stafford, idasungidwa ku Limbe. Ku Chichiri, pa nyumba yosungiramo zinthu zakale imene idatsegulidwa mu 1966, makina akale adaikidwa pabwalo kuti anthu aziwaona.

Amene wapeza makina otere adziwitse mfumu ndi mwini malo, alembe zonse zimene zili pa kachikwangwani, ndipo auze akuluakulu oyang'anira zinthu zakale ku Chichiri. Afunsenso agogo a m'mudzimo pamene akali moyo, kuti anene amene ankayendetsa makinawo ndi ntchito imene ankagwira.