Ophunzira Uinjiniya Aphunzitsana Okha-okha

Lero tikambe za ana athu ophunzira uinjiniya pa University of Zambia, imene inatsegulidwa mu Lusaka m'caka ca 1966, ndi pa Copperbelt University ya ku Kitwe, imene inayamba mu 1987. Makolo ena adandaula pakumva kuti mwana wao atha madzulo onse alikuphunzitsa anzace. Ati, "Tinamtumiza kukaphunzira, si kukakhala mphunzitsi wopanda malipiro iai."

Dandauloli lamveka, koma tamverani za Eric Mazur, mphunzitsi wa physics pa Harvard ku America. Ca m'ma 1990 iye anapeza kuti ophunzira ace analikupambana mayeso mwa kuloweza cabe. Powafunsa funso lapafupi la mphamvu zimene zikankha ndi kukoka zinthu, ambiri anasokonezeka. Tsono anasintha kaphunzitsidwe. Afotokoza pang'ono, nafunsa funso. Yense ayankha payekha, natembenukira kwa mnzace, natsutsana naye mphindi zowerengeka, nayankhanso. Kaciwiriko oyankha bwino acuruka. Buku lace la njira imeneyi linatuluka mu 1997.

Nanga cifukwa ninji? Profesa anamvetsa zinthuzi kalekale, naiwala pamene panambvuta. Koma mnyamata kapena mtsikana amene wamvetsa dzulo lomweli akumbukira bwino pomwe anapunthwa, ndipo ndi pomwepo pamene mnzace wagwa. Inu a pansi pa mgodi mudziwa zimenezi kuposa ine: mlendo aphunzira msanga kugogoda denga ndi citsulo, ndi kuzindikira kulira kwa thanthwe losalimba, kwa mnzace wogwira naye nchito koposa kwa bwana wa mu ofesi. Wophunzitsayo nayenso sataya kanthu, pakuti pofotokoza ndi pakamwa pace cifukwa cimene mtanda wacitsulo upindika, aona zimene sanazimvetse asanalowe m'mayeso.

Koma coopsa cilipo. Wolankhula molimba mtima akhoza kusokeretsa gulu lonse, ndipo injiniya wolakwa powerengera kulimba kwa cingwe cotsitsira anthu mu mgodi aika miyoyo yanu pangozi. Mazur sawasiya okha ophunzira ace. Atatha kutsutsana, iye mwini afotokoza yankho loona. Cotero mwana wanu akabwera pa cuti, nasimba za gulu lace lophunzitsana, musamletse iai, koma mumfunse ngati mayankho amene apangana amawaonetsa kwa mphunzitsi wao.