Wogwa pa Chotchinga Adzukenso

Mawu athu lero achokera pa 1 Akorinto 9, ndime 24 mpaka 27, pamene Paulo akufanizira moyo wa Mkhristu ndi mpikisano wa liwiro.

Ife achikulire tikulikumbukira bwino dzina la Samuel Matete, mwana wa ku Chingola, wobadwa mu 1968. Liwiro lake linali la mamita 400, ndipo panjirapo pamakhala zotchinga khumi, zofika cha m'chiuno, zimene wothamanga ayenera kulumpha. Mu 1991 ku Zürich anathamanga mtunda umenewu m'masekondi 47.10, ndipo chaka chomwecho ku Tokyo anaposa akatswiri a dziko lonse lapansi nalandira mendulo ya golide. Zambia yense anakondwera.

Chaka chotsatira kunali masewera a Olimpiki ku Barcelona. Ambiri tinkati golide wabwera kale. Koma Matete sanafike n'komwe pa liwiro lomaliza. Oweruza anamuchotsa mu mpikisano chifukwa cholakwitsa pa chotchinga, ndipo golide anatenga Kevin Young wa ku America. Taganizani, abale, thukuta la zaka zambiri kuthera pamenepo, dziko lonse likuona.

Akanatha kukabisala. Koma anabwerera ku bwalo nayambiranso kukonzekera. Mu 1993 ku Stuttgart anatenga siliva. Mu 1994 pa masewera a Commonwealth ku Victoria, m'dziko la Canada, anatenga golide. Mu 1995 anatenganso siliva, ndipo mu 1996 ku Atlanta anabweretsera dziko lathu mendulo ya siliva ya Olimpiki. Anaidikira zaka zinayi.

Paulo nayenso ankadziwa kuti wothamanga akhoza kuchotsedwa. Pa ndime 27 akuulula kuti ankadzilanga ndi kudziletsa poopa kuti iye mwini, amene analalikira anthu ambiri, angapezeke wolephera. Ngati mtumwi ankaopa chotero, ndani mwa ife anganene kuti sangagwe?

M'mipingo mwathu muli mipando imene yakhala yopanda anthu. Pali bambo amene anasiya mowa zaka zitatu, kenaka n'kugwanso tsiku logulitsa thonje. Pali mtsikana wa m'kwaya amene anatenga mimba asanakwatiwe. Pali mayi amene anabwereka ndalama za gulu nalephera kubweza. Lamulungu likafika amamva belu ali kunyumba, manyazi atawagwira miyendo. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, imvani: kulakwa kunachitikadi, ndipo sitikuchepetsa. Matete naye sanabwezeredwe liwiro la ku Barcelona. Koma Mulungu wakusungirani liwiro lina. Petro anakana Ambuye katatu, ndipo pa Yohane 21 Yesu woukitsidwa anamupatsanso ntchito yoweta nkhosa zake.

Alimife phunziro ili tikulidziwa kale. Mu 2024 chimanga chinapserera m'minda, nkhokwe zinakhala zopanda kanthu. Kodi tinataya makasu? Ayi. Mvula itagwanso tinafunafuna mbewu n'kubzala. Chimene timachita ndi munda, tichitenso ndi moyo wathu wauzimu.

Tsono mawu ena apite kwa ife amene tikadali m'tchalitchi. Nthawi zambiri chotchinga chachikulu kwa wolapa ndi maso athu ndi manong'onong'o athu. Mutu umodzi susenza denga. Sabata ino, aliyense aganizire munthu mmodzi amene anasiya kupemphera. Tipite kwawo, tikhale pa mphasa, timufunse za ana ndi za kumunda, ndipo Lamulungu tikamutenge tiyendere limodzi. Wofunika kulapa akaonane ndi abusa, wangongole ayambe kubweza ngakhale pang'onopang'ono.

Tipemphere. Mulungu Atate wachifundo, Inu mudziwa pamene aliyense wa ife anapunthwa. Dzutsani ogwa, chotsani manyazi amene akuwatsekera kunja, ndipo tipatseni mitima yowalandira. Tilimbitseni kuti tithamange mpaka kumapeto, mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.