Chimanga cha Thandizo cha 2002: Mawu Oyankhulidwa pa Msonkhano wa Ophunzira Akale



Mukukumbukira njala ya 2002, pamene abale athu m'mapiri muno, kuyambira ku Mponela mpaka ku Malomo, ankagonera gaga. Chimanga cha thandizo chidabwera kudzera ku bungwe la WFP, chambiri chochokera ku America, ndipo china chidali chosinthidwa chibadwa ndi akatswiri, chotchedwa GMO. Apa maiko adasiyana maganizo.

Aku America adati iwo akhala akuchilima ndi kuchidya kuyambira 1996. Malamulo awo amayang'ana chakudyacho, osati njira imene mbewu idapangidwira. Ku Ulaya amati yambani mwatsimikiza kuti nchabwino, ndipo mulembe pa paketi kuti wogula adziwe. Ku Zambia, Pulezidenti Levy Mwanawasa adachikaniratu, nachitcha poizoni, anthu ake ali ndi njala. Ife, pamodzi ndi Zimbabwe ndi Mozambique, tidati chibwere koma chigayidwe.

Chifukwa chake mlimi aliyense akuchidziwa. Mukampatsa munthu chimanga mu Okutobala, amatapako pang'ono nkusunga mbewu, ndipo mungu wa ngayaye suona malire a munda. Ufa sumera. Kugaya kudadya ndalama ndi nthawi, komabe ine ndimati boma lidaganiza bwino. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loyang'anira mbewu zotere, ndipo mu 2013 thonje la mtunduwu lidayamba kuyesedwa ku Bunda, m'munda wotchingidwa.

Koma anzanga, chimene chimandisowetsa tulo ine si GMO ayi, ndi chuku cha mu mtedza. Poizoni wake amaononga chiwindi. Pa mtedza wodya anthu, Ulaya amalola magawo 4 okha pa biliyoni, America 20. Thumba lomwelo likhoza kulowa ku New York nkubwezedwa ku Rotterdam. Nanga lokanidwalo limapita kuti? Limatsala kuno, amayi nkusinjira ana m'phala.

Pempho langa nlimodzi. Mukapita kumudzi nthawi yokolola, auzeni abale aleke kuwaza madzi pa mtedza pofuna kuti usendeke msanga, auyanike uume gwa, ndipo wofufuma ndi wakuda autaye, asaupange nsinjiro.